Chifalansa chafika kale ku Neno: nanga mwana wa ku Matandani achiphunzira kuti?

Mu Seputembala 2022 boma la Malawi lidasainirana pangano ndi kampani ya EDF ya ku France pamodzi ndi Scatec ya ku Norway kuti amange damu ndi malo opangira magetsi pa Mpatamanga, pa mtsinje wa Shire, pomwe boma la Neno lidachita malire ndi la Blantyre. Mapulani ake akunena za mamegawati oposa 350. Patapita nthawi, gawo la Scatec lidagulidwa ndi TotalEnergies, ija timaidziwa ndi mafuta a galimoto, nayonso ya ku France. Ndiye kuti chintchito chimene chikudza pakhomo pa anthu a Neno chikutsogoleredwa ndi makampani awiri amene akuluakulu ake amakambirana, kukangana ndi kulemberana m'Chifalansa. Tsono tifunse poyera: mwa ana onse amene alemba mayeso a Fomu 4 m'boma la Neno chaka chino, ndi angati angathe kupereka moni, kufunsa njira kapena kuwerenga kalata ya ndime imodzi m'chilankhulo chimenechi? Ndani adawawerengapo? Ndani chikumukhudza?

Wina ayankha msanga kuti mainjiniya a ku France akafika kuno amalankhula Chingerezi. N'zoona. Pokumba, pothira simenti ndi polemba aganyu, Chingerezi ndi Chichewa zikwanira. Koma ntchito yotere siithera pa fosholo. Pamakhala ena otumizidwa kukasulidwa kulikulu la kampani, ena okhala pakati pa mabwana ndi mafumu pokambirana za chipepeso cha minda yomira, ena oyamba kuona malipoti asanawamasulire. Pamipando imeneyo padzakhala ndani? Mwana wa kumtunda kwa Neno, kapena wa ku Namiwawa amene adayamba Chifalansa pasukulu yolipira mano a mkaka asanaguluke?

Tiyerekeze kuti mwana wina wa ku Matandani, m'boma lomweli la Neno, adachita mwayi. Adakaphunzira kusekondale kumene kuli mphunzitsi wa Chifalansa, wakhoza MSCE, wasankhidwa kupita ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University, ndipo akuti phunziro lake lalikulu likhala Chifalansa. Nthungululu ziimbidwa, chifukwa kuchoka kumapiri kuno kukalowa yunivesite si masewera. Koma madzulo, alendo atabalalika, amalume amuitanira kuseri kwa nkhokwe. "Mphwanga, wativeka ulemu, tathokoza. Koma Chifalansacho udzalankhula ndi yani? Bwanji osatenga za unamwino, kapena za ulimi?" Mwana angowerama n'kumajambula pansi ndi chala chakuphazi. "Ndamva, amalume." Yankho alibe, poti palibe amene adamupatsapo. Ndipo funso la amalume si la umbuli. Ndiwo adzagulitse mbatata ya kachewere ndi manachesi kuti papezeke ya thiransipoti ndi ya sopo, ndipo ngongole ya ku bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama idzafuna kubwezedwa. Munthu wotere sayankhidwa ndi nkhani zakuti Chifalansa n'chilankhulo chokoma m'khutu. Amafuna kumva kuti ntchito ili kuti.

Chodabwitsa n'chakuti Chifalansa si mlendo ku Neno. Ansembe a chipani cha Montfort, ambiri a iwo ochokera ku France, adafika pa Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo mu 1906 adatsegula mishoni ku Neno, kutatsala zaka ziwiri kuti a Seventh-day Adventist akhazikike pa Matandani mu 1908, Samuel Konigmacher ali patsogolo. Ambuye Louis Auneau, amene adaweta Akatolika a chigawo cha Shire kwa zaka pafupifupi 40 kuyambira mu 1910, anali Mfalansa. Anthu amenewa adakwera mapiri athu, adaphunzira Chinyanja mpaka kulalikira ndi kulemba mabuku. Mbali ya Adventist nako, m'busa James Malinki adachoka kuno m'zaka za m'ma 1920 kukatumikira ku Northern Rhodesia ndi ku Congo, dziko limene boma lake linkayendetsedwa m'Chifalansa. Ngati makolo athu adatha kuwoloka malire a zilankhulo pa nthawi ya mtengatenga ndi njinga yakapalasa, ife a nthawi ya foni yam'manja chatikanika n'chiyani?

Tibwere kufupi. Kuyambira mu 2007 ku Neno kuli bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene dzina lake lapadziko lonse ndi Partners In Health. Bungweli lidabadwira ku Cange, m'dziko la Haiti, kumene malemu Dr. Paul Farmer ndi anzake adayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku Haiti zilankhulo zaboma ndi Chifalansa ndi Chikiliyo cha kumeneko. Mu 2005 lidafika ku Rwanda, komwe pambuyo pake lidamanga University of Global Health Equity ku Butaro, komwenso Farmer adamwalirira mu Febuluwale 2022. Njira yoyendera odwala khomo ndi khomo, imene anthu a Neno adaizolowera, idayesedwa koyamba m'midzi ya ku Haiti. Kodi namwino kapena kilinikoofesa wobadwira ku Neno, atadziwa Chifalansa, sangakhale woyamba kuganiziridwa mukapezeka danga lokagwira ntchito kapena kukaphunzira ndi anzake a kumaiko amenewo? Kodi alipo amene adauzapo ana a Fomu 2 zimenezi?

Tisananene za ntchito, tione kaye chimene mwana amakatenga ku yunivesiteko. Digiri ya Chifalansa si kuloweza moni kwa zaka zinayi. Muli malamulo a chilankhulo, katchulidwe, kumasulira zolembedwa, ndiponso mabuku. Apa ndi pamene ambiri amadabwa, chifukwa gawo lalikulu la mabukuwo ndi la Afrika yemwe. Camara Laye wa ku Guinea, Ferdinand Oyono wa ku Cameroon, Mariama Bâ ndi Sembène Ousmane a ku Senegal adalemba za mitala, chinamwali, umasiye, mabwana achitsamunda ndi anyamata awo a m'khitchini, nkhani zoti mwana wa ku Neno akaziwerenga amaona ngati akunena za kwa agogo ake. Mu 2021 Mohamed Mbougar Sarr, wa ku Senegal, adapata Prix Goncourt, mphoto yapamwamba koposa ya mabuku ku France, ali ndi zaka 31. Bungwe la maiko olankhula Chifalansa, la OIF, lidati mu 2022 olankhula chilankhulochi padziko lonse adali 321 miliyoni, ndipo ambiri mwa amene amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ali mu Afrika muno. Mwa maiko onse amene Chifalansa n'chilankhulo chaboma, lokhala ndi anthu ambiri si France ayi, koma Democratic Republic of Congo, imene anthu ake adaposa 100 miliyoni. Kuchoka ku Mchinji, kudzera ku Chipata ndi Lusaka mpaka pa chipata cha Kasumbalesa, ndi ulendo umene madalaivala a mathiraki amauyenda. Nanga ife timaganiziranji za Paris nthawi zonse tikamva Chifalansa, osaganiza za Lubumbashi?

Ntchito zilipo, ndipo zina tidazilipirira kale ndi misonkho yathu. Malawi ndi membala wa SADC, imene imagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo muli DRC, Madagascar, Mauritius, Seychelles ndi Comoros. Ndi membala wa COMESA, imene likulu lake lili ku Lusaka, nthambi yake yoona za mpikisano pa malonda ili ku Lilongwe komwe kuno, ndipo Bingu wa Mutharika adaitsogolerapo ngati mlembi wamkulu asanakhale pulezidenti. African Development Bank ku Abidjan imagwira ntchito m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, monganso likulu la United Nations. Ku African Union ku Addis Ababa, wodziwa zilankhulo ziwirizi amamva zonena za pamsonkhano, n'kumvanso zonong'onezana za pa tiyi, zimene kawirikawiri ndizo zimamanga mfundo. Tikamadandaula kuti Amalawi ndi ochepa m'mabungwe amenewa, tidayamba tafunsapo kuti ofunsira ntchito athu amagwera pati? Kodi si pa mzere uja wa pansi pa chilengezo, wonena kuti wodziwa chilankhulo chachiwiri adzaganiziridwa koyamba?

Pali malo awiri pamene kusowa kwa Chifalansa sikungotayitsa malipiro okha. Oyamba ndi Dzaleka, ku Dowa. Msasa umenewu udatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale padali ndende ya andale. Adaukonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Taganizani mayi wochokera ku Uvira, ku DRC, atakhala pabenchi patsogolo pa wofunsa mafunso, mwana ali kumsana, m'manja muli kapepala kong'ambika m'mapindiro, kodindidwa chidindo cha chipatala cha kwawo, kolembedwa m'Chifalansa. Pa kapepalako palembedwa tsiku, dzina la matenda kapena la chilonda, mwinanso mankhwala amene thupi lake limawakana. Womasulira akaphonya tsiku, nkhani ya mayiyo ioneka ngati yabodza. Akaphonya dzina la mankhwala, ndi moyo umene uli pachiswe. Kunena zoona, ambiri pa Dzaleka amalankhula Chiswahili, Kinyarwanda kapena Kirundi kuposa Chifalansa, koma mapepala awo a sukulu, a khothi ndi a chipatala ambiri ali m'Chifalansa. Apolisi athu, a zolowa ndi kutuluka m'dziko, a makhothi ndi a zipatala ali nawo angati amene angawerenge okha mapepala amenewa osadalira mnzake wa wodandaulayo?

Malo achiwiri ndi kunkhondo. Asilikali a Malawi adakasungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire, ndipo mu 2013 adapita kum'mawa kwa DRC m'gulu lapadera la MONUSCO, ntchito ya United Nations yosungitsa mtendere kumeneko, pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 tidataya asilikali kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete, amene adaphedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 United Nations idamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 tidalirako ena pa nkhondo ya kufupi ndi Goma. Msilikali ali kumeneko amafunika kumva zimene mkulu wa asilikali a Congo akunena pa wailesi, zimene mfumu ya mudzi ikuchenjeza, zimene zalembedwa pa chikwangwani. Cobbe Barracks ndi yunivesite zili mumzinda umodzi wa Zomba. Ndi angati mwa omaliza digiri ya Chifalansa amene adaitanidwapo kukaphunzitsa asilikali asanakwere ndege? Ndi angati adauzidwapo kuti usilikali nawo ndi ntchito yofuna chilankhulo chawo?

Koma tisanamize amalume aja. Chifalansa pachokha si ntchito. Chili ngati mchere: ndiwo zopanda mchere sizidyeka, koma palibe amene amagonera mchere wokha. African Development Bank siifuna munthu wongodziwa Chifalansa. Imafuna katswiri wa zachuma, wa zamalamulo kapena injiniya wodziwa Chifalansa. Mipando ya omasulira pamisonkhano ikuluikulu ndi yowerengeka, ndipo imafuna maphunziro ena apadera pamwamba pa digiri yoyamba. Makampani a ku France amene ali kuno, monga TotalEnergies ndi Castel, imene idagula Carlsberg Malawi mu 2016, amagwira ntchito zawo za tsiku ndi tsiku m'Chingerezi. Amene akulonjeza ana kuti akangotenga digiri ya Chifalansa ndiye kuti ndege yawadikira pa Chileka akuwanamiza. Tsono funso lipite kwa oyendetsa mayunivesite athu: bwanji Chifalansa chimakhala ngati chuma cha ophunzira za uphunzitsi ndi za chikhalidwe okha? Wophunzira zamalamulo ku Zomba, wa uinjiniya ku MUBAS, wa udokotala ku KUHeS, wa ulimi ku LUANAR, wa unamwino ku Malamulo, ali ndi njira yanji yotulukira ali ndi ntchito yake m'dzanja limodzi, Chifalansa m'dzanja lina? Ndipo wa Chifalansayo, ndani akumukakamiza kuti atengeko zachuma, zamalamulo kapena zaumoyo, kuti pomaliza asakhale ndi mchere wokhawokha?

Funso lina n'lowawa, koma tilifunsa. Amene amatuluka ndi digiriyo, amalankhuladi? Chilankhulo chimalowera m'khutu n'kutulukira pakamwa, sichikhala m'kope. Tonse tikudziwa kaphunziridwe kathu: mphunzitsi alemba pabolodi, ana akopera, aloweza usiku wa mayeso, akhoza. Mwana wotero angathe kukulemberani mneni m'nthawi zake zonse osaphonya, koma mayi wa ku Bukavu, ku DRC, akamufunsa mtengo wa tomato mwaliwiro la kwawo, angoti kukamwa yasa. Dziko lapansi lili ndi muyeso wake, mayeso a DELF ndi DALF amene boma la France limapereka, oyambira pa A1 kukafika pa C2, ndipo mayunivesite ambiri a ku France amafuna B2 kuti akulandire. Mayeso amenewa amayesa kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, chilichonse pachokha. Bwanji osalamula kuti aliyense womaliza digiri ya Chifalansa atuluke ndi satifiketi imeneyi, mtengo wake uli m'kati mwa fizi? Bwanji osatumiza ophunzira a chaka chachitatu kukakhala teremu yathunthu pakati pa olankhula chilankhulochi, kaya ku Lubumbashi, ku Antananarivo, kapena pa Dzaleka pomwepa? Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, adafika ku Paris Saint-Germain mu 2023 ndi ku Lyon mu 2024 chifukwa cha miyendo yake, ndipo m'chipinda chovalira chokha amamva Chifalansa chochuluka pa sabata kuposa chimene wophunzira wathu amamva pa teremu. Izi si zonyoza aphunzitsi a ku yunivesite, amene amagwira ntchito ndi zochepa. Tikufunsa amene amagawa ndalama.

Komabe chipata chenicheni sichili ku Zomba kapena ku Mzuzu. Chili ku Fomu 1. M'mera mpoyamba. Chifalansa chilipo pa mndandanda wa maphunziro a MANEB, koma n'chosankha, ndipo kusankha kumatheka pokhapo pali mphunzitsi. Sukulu zimene zimachiphunzitsa zambiri ndi za m'tauni, za mishoni zikuluzikulu ndi zolipira. Mwana wa pa CDSS ya kumudzi sakana Chifalansa, sadachionepo. Ndiye tikamati digiri ya Chifalansa imatsegula makomo, tikunena za ana a yani? Unduna wa Zamaphunziro ungatiuze kuti aphunzitsi amene mayunivesite athu amasula chaka ndi chaka ali kuti? Ndi angati akuphunzitsa chimene adaphunzira, ndipo ndi angati adatumizidwa pasukulu yopanda kalasi ya Chifalansa n'kupatsidwa Chingerezi kapena Life Skills mpaka lilime lidachita dzimbiri? Tikudziwa chimene chimathawitsa aphunzitsi ku Neno: msewu wa nthawi ya dzinja, nyumba, mtunda wokatenga malipiro. Koma zimenezi zikuthawitsanso wa masamu ndi wa sayansi, ndipo sitinanenepo kuti masamu achotsedwe. Khonsolo ya Neno ikamakambirana ndi makampani obwera m'bomali za mijigo ndi midadada ya sukulu, n'chiyani chingailetse kupemphanso nyumba ndi malipiro a mphunzitsi wa Chifalansa pa Matandani ndi pa Chiwale?

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yamphamvu koposa ndi ya Chipwitikizi. Munthu wa ku Neno akakwera phiri n'kuyang'ana kumadzulo, akuona Mozambique. Abale ali kutsidya, misika ndi yolowana, ndipo sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa m'boma lomweli popita ku Nkaya mpaka kudoko la Nacala. Wanzeru angafunse kuti: bwanji kuvutika ndi chilankhulo cha ku Congo pamene cha ku Tete chili pakhonde? Ife tikuti afunsa bwino, ndipo n'zamanyazi kuti dziko lozingidwa ndi Mozambique mbali zitatu silidaike mtima pa Chipwitikizi m'sukulu zake. Koma kodi yankho lake n'kutaya chimene tili nacho kale, chokhala ndi silabasi, mayeso ndi aphunzitsi ake, chifukwa cha chimene sitinachiyambe n'komwe? Zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, zonse zidachokera ku Chilatini, ndipo wodziwa chimodzi savutika kwambiri kutola chinzake. Ngakhale Mozambique yomweyo idalowa mu OIF ngati woonerera mu 2006. Iwo aona chiyani chimene ife sitikuchiona?

Ena akuti Chifalansa chikutha mphamvu. Rwanda idasintha chilankhulo chophunzitsira kupita ku Chingerezi mu 2008 n'kulowa Commonwealth mu 2009. Gabon ndi Togo zidalowa mu 2022. Mali idachotsa Chifalansa pa udindo wa chilankhulo chaboma mu 2023, ndipo mu 2025 Mali, Burkina Faso ndi Niger zidalengeza kuti zikutuluka mu OIF. Zonsezi n'zoona, ndipo mkwiyo wa anthu a kumeneko pa France uli ndi zifukwa zake zomveka. Koma taonani kuti atsogoleri omwewo akamadzudzula France amadzudzula m'chilankhulo chanji. Taonaninso kuti amene akutsogolera OIF kuyambira mu 2019 ndi Louise Mushikiwabo, wa ku Rwanda komweko. Kukangana ndi boma la France ndi nkhani ina. Kulankhulana kwa wa ku Bamako ndi wa ku Kinshasa ndi nkhani inanso. Za foni zomasulira sitichedwapo. Zimathandiza pogula chitenje pamsika, ndipo zidzalanda ntchito zina za omasulira makalata wamba. Koma ndani angalole kuti mlandu wake kukhothi, kapena pangano la mamiliyoni, lidalire foni popanda munthu woti n'kumufunsa akalakwitsa? Ndipo amene akuti tiyambe talemekeza Chichewa, tikugwirizana nawo kotheratu: womasulira amene Chichewa chake n'chopunduka ndi wopanda ntchito pakati pa mfumu ndi mlendo. Kodi mwana wa ku Matandani, amene amadziwa kulankhula pabwalo la milandu ndi pamaliro, sindiye woyenera ntchito imeneyi kuposa amene Chichewa amangochimvera kwa wantchito wa pakhomo?

Mpingo nawo usathawe mafunso. Matandani ndi mishoni ya mpingo umene chigawo chake cha kum'mwera kwa Afrika chimaphatikiza Madagascar, Mauritius, Réunion ndi Seychelles. Mpingo womwewo uli ndi Université Adventiste Zurcher ku Madagascar, Université Adventiste de Lukanga ku DRC, Université Adventiste Cosendai ku Cameroon, ndi Adventist University of Central Africa ku Rwanda. Akatolika ali ndi maukonde otero omwe, mwinanso oposa. Kutumiza m'busa kuchoka dziko lina kupita dziko lina ndi chinthu chimene mipingo idachizolowera kwa zaka zoposa 100. Nanga kutumiza mphunzitsi mmodzi wa ku Madagascar kudzakhala zaka ziwiri pa Matandani, ife n'kutumizako wa Chingerezi, kukuvuta pati? Mishoni imene idatchuka ndi kuphunzitsa anyamata ntchito zamanja ikudziwa bwino kuti luso limapatsirana pokhala pamodzi ndi mmisiri. Akuluakulu a mpingo adayamba aikapo nkhaniyi pa ajenda?

Boma la France nalo lili ndi gawo lake. French Cultural Centre ya ku Blantyre, kumene mibadwo ya Amalawi idaonera zisudzo, kumvera oimba ndi kubwereka mabuku, idatsekedwa mu 2011, ndipo kazembe wa France woyang'anira Malawi amakhala kunja kwa dziko lino. Dziko limene makampani ake akupeza ntchito zikuluzikulu kuno lingafotokoze bwanji kuti chilankhulo chake chimathera m'mizinda? Koma tisataye nthawi kudikira Paris. Aphunzitsi tili nawo kale m'dziko muno, ndipo tidawatsekera.

Pa Dzaleka pali anthu amene adaphunzira sukulu yawo yonse m'Chifalansa, ena adali aphunzitsi kwawo, ena maloya, ena anamwino. Trésor Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, mlakatuli wochokera ku Lubumbashi, adayambitsa Tumaini Festival pamsasapo mu 2014, ndipo kwa zaka zambiri Amalawi akhala akukhamukirako kukaona luso limene lili kuseri kwa mpanda. Koma Malawi itavomereza pangano la United Nations la othawa kwawo mu 1987 idakana zina mwa mfundo zake, kuphatikizapo ufulu wolembedwa ntchito ndi wokhala kumene munthu afuna, ndipo lamulo lathu la 1989 lidakalipo. Mu Meyi 2023 tidaona apolisi akusonkhanitsa othawa kwawo m'mizinda n'kuwabweza kumsasa. Nkhani ya chitetezo ndi ya malonda a m'misika ili ndi mbali zambiri, ndipo sitiimaliza pano. Tikufunsa chinthu chimodzi chopapatiza. Sukulu ya ku Neno ikusowa mphunzitsi wa Chifalansa. Ku Dowa mphunzitsi wa Chifalansa akukhala pamzere kudikira thandizo la chakudya. Mphunzitsi ameneyu salanda ntchito ya Mmalawi aliyense, pakuti mpandowo uli wopanda munthu. Chikuletsa n'chiyani kumuyesa mayeso, kumupatsa chilolezo cha zaka ziwiri kapena zitatu, n'kumuika pambali pa mphunzitsi wachimalawi womaliza kumene digiri, wina alimbitse lilime la mnzake, winayo amuphunzitse silabasi ya MANEB ndi Chichewa? Ndi unduna uti uyenera kusaina, wa Zamaphunziro kapena wa Zam'dziko? Ndipo mwa aphungu a boma la Neno, ndani adzaimirire m'Nyumba ya Malamulo kufunsa nduna ziwirizo tsiku limene zidzakhale pansi?